Kulipira kuti ukagone m'dambo si misala

Kupatula ya paukwati, tenti kwa Mmalawi wamba imanunkha mavuto. Ikamangidwa pakhomo ndiye kuti pagwa maliro. Matenti akandanda pabwalo la sukulu ndiye kuti madzi agwetsa nyumba, monga zinachitikira ku Nsanje, Chikwawa, Mulanje ndi Phalombe pomwe namondwe wa Freddy anasakaza chigawo cha kummwera m'mwezi wa Malichi 2023. Amene anagona m'matenti masiku amenewo safuna n'komwe kuwakumbukira.

Choncho ambiri angaseke atamva kuti ku America kuli anthu a nyumba zabwino, zamagetsi ndi madzi a m'mipope, amene amalongedza katundu Lachisanu, n'kuyenda maola angapo pagalimoto, kukalipira ndalama kuboma kuti akagone pansi m'tenti pakati pa dambo la udzudzu, njoka ndi ng'ona. Wina anganene kuti n'kukhuta kumene kukuwazunguza mutu.

Komatu anthuwa sanapenge, ndipo boma limene limalandira ndalama zawozo popanda kuwamangira ngakhale bafa silinasowe nzeru. Kusiya malo ogona alendo ali opanda kalikonse ndi imodzi mwa njira zabwino zosungira nkhalango ya m'dambo. Mlendo ndiye amasintha khalidwe kuti agwirizane ndi dambo, dambolo n'kukhala momwe lilili. Nkhalango ya Tate's Hell, m'chigawo cha Florida, ikuchitira umboni mfundo imeneyi.

Malo ake ndi otani?

Dziko la America lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi boma lake. Tate's Hell ndi imodzi mwa nkhalango zazikulu za boma la Florida, ndipo imayang'aniridwa ndi nthambi ya zankhalango yotchedwa Florida Forest Service. Ili kumpoto chakumadzulo kwa chigawochi, m'maboma aang'ono a Franklin ndi Liberty, kufupi ndi katawuni ka asodzi ka Carrabelle m'mphepete mwa nyanja yamchere. Kukula kwake ndi maekala oposa 200,000, kutanthauza kuti imaposa malo osungirako nyama a Liwonde.

Dera lonselo ndi lathyathyathya ndipo mbali yaikulu ndi yonyowa. Mitsinje ya New, Crooked ndi Ochlockonee imayenda pang'onopang'ono, madzi ake akuda ngati tiyi wopanda mkaka kaamba ka masamba ovunda. Kuli malo ena komwe mitengo ya cypress inapinimbira: ina ili ndi zaka zoposa 150 koma kutalika kwake sikupitirira mamita asanu. Kuli zomera zooneka ngati mitsuko zomwe zimakola ndi kudya tizilombo, ziombankhanga, agwape, zimbalangondo zakuda, komanso ng'ona za kumeneko zomwe amazitcha alligator.

M'nkhalango imeneyi boma linalambula timalo tomangapo matenti, tambiri mwa ito m'mbali mwa mitsinje, totalikirana ndithu. Mlendo amasungitsa malo pa intaneti, n'kulipira madola ochepa pa usiku. Akafika, chimene amapeza kawirikawiri ndi tebulo la matabwa ndi mkombero wachitsulo wosonkhamo moto basi. Mpope palibe, magetsi palibe, sitolo ili kutali, ndipo foni m'madera ambiri simagwira bwino. Malo a Womack Creek, komwe kuli mabafa, ndi osiyana ndi anzake ambiri.

Zotsalazo ndi ntchito ya mlendo. Amatenga madzi akumwa kuchokera kwawo, apo ayi amasefa ndi kuwiritsa a mumtsinje. Pamalo pomwe palibe chimbudzi, lamulo lodziwika bwino kwa ogona m'tchire ku America ndi lakuti munthu akumbe kadzenje kakuya masentimita 15 mpaka 20, patali mamita 60 kuchokera kumadzi, n'kukwirira akatha. Chakudya sachisiya poyera kapena m'tenti, chifukwa chimbalangondo chimamva fungo patali zedi. Zinyalala zonse, ngakhale chitsekerero cha botolo, zimabwerera naye kunyumba.

Odziwa amapitako pakati pa Novembala ndi Malichi, nyengo yozizira komwe tizilombo timachepa. Kuyambira Juni kumatentha koopsa, mvula ya mabingu imagwa pafupipafupi, udzudzu ndi ntchentche zachikasu zoluma zimachuluka, ndipo ndi nthawi yomwe nyengo ya anamondwe imayamba, mpaka kutha kwa Novembala.

Dzina lochititsa mantha

Dzina lakuti Tate's Hell limatanthauza Gehena wa Tate. Nthano ya anthu a m'deralo imati mu 1875 mlimi wina, Cebe Tate, analowa m'dambomo ndi mfuti ndi agalu ake kukasaka chilombo cha mtundu wa kambuku chomwe chinkamuthera ziweto. Anasochera masiku asanu ndi awiri, usana ndi usiku, akumwa madzi a m'zithaphwi, ndipo njoka inamuluma. Atatulukira kufupi ndi Carrabelle anangokwanitsa kutchula dzina lake ndi kunena kuti akuchokera ku Gehena, kenaka n'kutsirizika.

Nthanoyi ikusonyeza momwe anthu a nthawi imeneyo ankaonera madambo: malo a imfa, opanda phindu, oyenera kuumitsidwa. Boma nalo linkaganiza chimodzimodzi. Mu 1850 nyumba ya malamulo ya America inakhazikitsa lamulo lopereka madambo kwa maboma a zigawo kuti awaumitse n'kuwasandutsa minda, ndipo Florida inalandira maekala pafupifupi 20 miliyoni. Pofika zaka za m'ma 1980, chigawochi chinali chitataya maekala oposa 9 miliyoni a madambo, pafupifupi theka la omwe chinali nawo zaka 200 m'mbuyo mwake.

Paini analowa, madzi anathawa

Tate's Hell inapulumuka kwa nthawi yaitali chifukwa inali yovuta kulowamo. Koma kuyambira zaka za m'ma 1950 makampani a matabwa anaiyang'ana ndi diso la ndalama. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 anamanga misewu yotalika makilomita pafupifupi 1,300 yonse pamodzi, mtunda woposa kutalika kwa dziko la Malawi kuchokera ku Nsanje kukafika ku Chitipa. Dothi lokwezera misewuyo ankalikumba m'mbali mwake, ndipo maenjewo anasanduka ngalande zokhetsa madzi. Pamalo pouma anabzala paini wothithikana, n'kumuthira feteleza.

Matabwa anapezekadi, koma chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Dambo likakhala lamoyo limagwira ntchito ngati thonje: limamwa madzi a mvula, kuwasunga, kuwasefa, n'kumawatulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. Ngalande zitabwera, madzi anayamba kuthamangira kunyanja nthawi imodzi mvula ikagwa, ndipo chilimwe chikafika kunkauma gwa. Misewu nayo inakhala ngati makoma odula njira zomwe madzi ankadutsa kuyambira kalekale.

Ovutika anali a kumunsi. Madzi ambiri a nkhalangoyi amathera ku East Bay, mbali ya nyanja ya Apalachicola Bay komwe madzi a mitsinje amasakanikirana ndi amchere. M'malo otere ndimo nsomba, nkhanu ndi nkhono za oyster zimaswana, ndipo zimafuna mchere wapakatikati, wosakwera ndi kutsika mwadzidzidzi. Pa nthawi ina nkhono 90 mwa 100 zilizonse zokololedwa ku Florida zinkachokera ku Apalachicola, ndipo mabanja ambirimbiri ankadyera pomwepo.

Pofuna kuteteza madzi amenewa, mu 1994 boma la Florida linayamba kugula malowo kwa eni ake. Kuchokera nthawi imeneyo nthambi ya zankhalango ndi bungwe loona za madzi la Northwest Florida Water Management District akhala akukonza zomwe zinaonongeka: kutseka ngalande, kuika mapaipi pansi pa misewu, kutsitsa misewu ina ndi kuyalapo miyala kuti madzi azidutsa pamwamba, kupatulira paini, ndi kutentha tchire mwadongosolo. Padutsa zaka zoposa 30 ntchitoyi ikugwiridwa. Zomwe mathirakitala anaononga m'zaka zochepa zikudya ndalama za msonkho za mibadwo iwiri.

Nkhono za ku Apalachicola zinatha mochititsa mantha mu 2012, ndipo mu 2020 boma linaletsa kuzikolola kwa zaka zisanu. Zifukwa zake zinali zambiri, makamaka chilala, kuchepa kwa madzi mumtsinje waukulu wa Apalachicola ndi kukolola mopyola muyeso, choncho si bwino kuloza chala ngalande za Tate's Hell zokha. Komabe nkhaniyi inaonetsa poyera kuti madzi abwino akasokonekera kumtunda, poto wa msodzi kumunsi amakhala wopanda kanthu.

Chifukwa chake tenti ndiyo yoyenera

Apa ndi pomwe nkhani ya matenti ikumveka. Boma lomwe likuononga ndalama kubwezeretsa madzi m'dambo lingalandire bwanji alendo popanda kubwereza cholakwa chakale?

Hotela imafuna malo ouma, ndiye kuti kuthira dothi ndi kukumba ngalande. Imafuna msewu wodutsika chaka chonse, ndiye kuti khoma lina lodula madzi. Imafuna mapolo a magetsi, malo oimikapo galimoto ndi dzenje lalikulu la zonyansa, pamalo pomwe madzi a pansi ali pafupi kwambiri ndi nthaka. Alendo olipira ndalama zambiri akadandaula za udzudzu, mankhwala amapoperedwa, ndipo achule, tinsomba ndi mbalame zodya tizilombo zimasowa chakudya. Chilichonse chofewetsa moyo wa mlendo m'dambo chimalipiridwa ndi dambo lomwelo.

Tenti imatenga malo ochepa ngati a mkeka iwiri kapena itatu, ndipo Lamulungu masana imakhala itapindidwa. Mtsinje ukasefukira, akuluakulu a nkhalango amangotseka malowo mpaka madzi ataphwa, popanda chogumuka. Namondwe wa Michael atawomba dera la kumadzulo kwa nkhalangoyi mu Okutobala 2018, nyumba zambiri za m'tawuni ya Mexico Beach zinaphwasuka. M'dera la anamondwe lotere, tebulo la matabwa likakokoloka boma silingalire ngati momwe lingalirire hotela ya mamiliyoni.

Phindu lachiwiri ndi mtengo. Nkhalango ya boma ndi chuma cha anthu onse, chogulidwa ndi misonkho yawo. Malo akakhala opanda kalikonse, mtengo wake umakhala wotsika, ndipo mmisiri wa matabwa, mphunzitsi kapena msodzi amatha kupitako ndi ana ake. Malo akangokongoletsedwa, mtengo umakwera, pachipata pamaikidwa mlonda, ndipo mwini weniweni wa nkhalangoyo amangoiona ali panja.

Phindu lachitatu ndi maso. Nkhalango ya maekala 200,000 singalonderedwe ndi ogwira ntchito ochepa. Ogona m'matenti, asodzi a mbedza, opalasa mabwato ndi alenje a ziphaso ndi amene amayamba kuona utsi, zinyalala zotayidwa mobisa kapena mtengo wodulidwa mwakuba. Mbala imakonda nkhalango yomwe simufika munthu.

Chachinayi ndi maphunziro omwe m'kalasi sapezeka. Mwana amene wanyamula yekha chigubu cha madzi kuchokera pagalimoto amaphunzira kuwasamala popanda kukalipiridwa. Amene wagona akumva achule masauzande akulira, n'kudzuka kuona nkhungu ili pamwamba pa mtsinje, sadzavomera msanga munthu akadzamuuza kuti dambo ndi malo achabe. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo dambo silionetsa zake kwa munthu wongodutsa pagalimoto.

Otsutsa nawo ali ndi mfundo

Pali ena amene sagwirizana ndi maganizo amenewa, ndipo si bwino kuwanyoza.

Oyamba amati n'kuika moyo pachiswe. N'zoona kuti m'nkhalangomo muli njoka zaululu monga cottonmouth yokonda m'madzi ndi rattlesnake yomwe imachenjeza ndi phokoso la kumchira. Muli nkhupakupa, ndipo munthu akavulala chipatala chili kutali. Koma ngozi zambiri za m'tchire zimagwera wosakonzeka: wopita yekha osauza munthu, wosambira pomwe pali ng'ona, wodyetsa nyama zakutchire, wosamvera za nyengo. Ng'ona za ku Florida n'zofatsirako poyerekeza ndi za mu Shire, ndipo zimbalangondo zakuda kawirikawiri zimathawa munthu ngati sizinazolowere chakudya chake. Mankhwala a ngozi zotere ndi kuphunzitsa alendo, chifukwa safunsa anadya phula. Kuumitsa dambo kuti mlendo asaope njoka kuli ngati kutentha nkhokwe pofuna kupha khoswe.

Achiwiri amati boma likutaya ndalama, chifukwa hotela imodzi ingabweretse zambiri kuposa matenti onse pamodzi. Powerenga ndalama za pachipata zokha, akunena zoona. Koma nkhalangoyi imapezanso ndalama pogulitsa paini wopatulidwa, ndipo malamulo a Florida amati 15 peresenti ya ndalama zomwe nkhalango ya boma yapeza zizipita ku maboma aang'ono osauka komwe ili, kukathandiza sukulu. Ogona m'matenti nawo amagula mafuta, chakudya, madzi oundana ndi nyambo m'masitolo a ku Carrabelle ndi matawuni oyandikana nawo. Choposa zonse, phindu lalikulu la dambo ndi madzi omwe limasunga, ndipo phindu limenelo silioneka m'buku la malisiti.

Achitatu amati alendo osayang'aniridwa amaononga. Apa mpovuta kutsutsa. Alipo osiya mabotolo, odula mitengo yaiwisi ndi ochoka moto usanazime. Ndipo moto si wosewera nawo ngakhale m'dera la madambo: mu Juni 2018, moto womwe unayatsidwa mwadongosolo m'malo ena a boma kufupi ndi nkhalangoyi unapulumuka n'kutentha nyumba 36 m'tawuni ya Eastpoint. Ngati moto wa akatswiri ungatero, kuli bwanji wa munthu woledzera? N'chifukwa chake dongosolo losungitsiratu malo ndi lofunika. Boma limadziwa amene wagona pamalo aliwonse, limaika malire a masiku, limaletsa kusonkha moto nyengo ikauma kwambiri, ndipo wolakwa amapezeka. Malo opanda zofewetsa moyo sayenera kukhala opanda malamulo.

Achinayi amati awa ndi masewera a okhuta, kuseweretsa umphawi kwa masiku awiri n'kubwerera kumabedi ofewa. Mawu amenewa ali ndi kachoonadi kake. Amene wasankha kugona pansi sangafanane ndi amene alibe pogona pena. Koma funso lofunika n'lakuti munthu wokhutayo, yemwe ndi amene amavota, kulemba mapulani ndi kusaina makontirakiti, kuli bwino adziwe dambo ndi thupi lake kapena azingoliona pamapu? Madambo ambiri padziko lapansi anaphedwa ndi anthu okhala m'maofesi omwe sanapondemo phazi.

Amene anagonamo ndi amene amamenyera

Umboni wa zimenezi unaoneka ku Florida komweko mu Ogasiti 2024. Zinaululika kuti nthambi ya boma yoona zachilengedwe inali ndi mapulani omanga zinthu zatsopano m'mapaki asanu ndi anayi a boma, kuphatikizapo mabwalo a gofu m'paki ya Jonathan Dickinson ndi mahotela a zipinda 350 m'mapaki a Anastasia ndi Topsail Hill. Mapaki ndi nkhalango zimayendetsedwa ndi nthambi zosiyana, koma anthu ozigwiritsa ntchito ndi amodzimodzi.

Anthuwo anakwiya. Mabanja ozolowera kugona m'matenti, oyenda m'tchire, asodzi ndi okonda mbalame anatuluka ndi zikwangwani m'zipata za mapakiwo. Andale a zipani zonse ziwiri zazikulu, omwe sagwirizana pa zambiri, anayankhula chimodzi. Pasanathe masabata awiri bwanamkubwa Ron DeSantis anabweza mapulaniwo, ndipo mu Meyi 2025 anasaina lamulo loletsa kumanga mabwalo a gofu ndi mahotela akuluakulu m'mapaki a boma. Chaka chomwecho, nkhani ina yofuna kusinthanitsa maekala 324 a nkhalango ya boma ya Withlacoochee ndi kampani ya gofu inafera m'mazira anthu atadandaula kwambiri.

Anthu amenewa sanatuluke chifukwa chowerenga malipoti a akatswiri. Ambiri anatuluka chifukwa pamalopo anaphikirapo, anagonapo, ndipo ana awo anaphunzirirapo kupalasa bwato. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Boma lomwe limalola banja wamba kugona m'nkhalango pa mtengo wotsika likudzipezera alonda omwe silidzawalipira, alonda omwe tsiku lina angadzadzudzule ngakhale boma lomwelo.

Nanga kuno ku Malawi?

Dziko lino lili ndi madambo akuluakulu omwe dziko lapansi limawalemekeza. Nyanja ya Chilwa ndi dambo la Elephant Marsh ku Lower Shire ali m'ndandanda wa pangano la Ramsar loteteza madambo, ndipo Elephant Marsh inalowamo mu 2017. Kumpoto kuli Vwaza Marsh. Nkhalango za boma monga ya paphiri la Zomba ndi ya Dzalanyama zili ndi madambo ndi akasupe omwe amamwetsa mizinda: Mulunguzi amathira m'damu lomwe limapereka madzi ku Zomba, ndipo mtsinje wa Lilongwe umachokera ku Dzalanyama.

Amalawi ena safunika kuphunzitsidwa za kugona m'dambo. Asodzi a pa Chilwa amakhala masabata ambiri m'zimbowera, tinyumba tomangidwa pa udzu woyandama, ndipo amadziwa bwino zomwe zinachitika nyanjayo itauma mu 1995 komanso itaphwa kwambiri mu 2018. Amene atalikirana ndi malo otere ndi ana a m'matawuni. Mwana wa ku Mponela, Balaka kapena Luchenza amadziwa kuti madzi amachokera pampope kapena pamjigo ndipo makala amachokera pa njinga. Komwe zinthu ziwirizi zimayambira sanakuonepo.

Mu 2015 boma linafika potumiza asilikali ku Dzalanyama kukaletsa kuotcha makala. Msilikali angathe kuthamangitsa wootcha makala lero, koma sangachititse wogula makalawo mumzinda kuti aikonde nkhalangoyo. Chikondi chotero chimabwera munthu akaidziwa.

Malo omangapo matenti m'dziko muno alipo, monga paphiri la Zomba ndi kufupi ndi nyanja ya Kazuni ku Vwaza, koma ambiri amawaona ngati a azungu odzaona malo. Apa ndi pomwe nthambi ya zankhalango ingatengepo phunziro. Sipafunika ngongole ya kunja kuti palambulidwe kamalo, paikidwe miyala yosonkhapo moto, pakumbidwe chimbudzi patali ndi madzi, n'kuika mtengo womwe banja la mphunzitsi wa pulayimale lingakwanitse. Makalabu a zachilengedwe a m'sukulu, omwe bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lakhala likulimbikitsa kwa zaka zambiri, magulu a sikauti ndi achinyamata a m'mipingo ndi makasitomala okonzeka kale. Tenti imodzi ingabwerekedwe ndi mabanja ambiri monga momwe mapoto a pamaliro amabwerekedwera.

Kutengera kwa ena kumafuna nzeru. Udzudzu wa kuno umapereka malungo, choncho neti ndi tenti yotseka bwino n'zosakambirana. Ng'ona ndi mvuu za kuno sizicheza, choncho malo ogona ayenera kusankhidwa ndi odziwa, pakhale mlonda wa nkhalango, ndipo nyengo yabwino ikhale yachilimwe, kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Chofunikanso kwambiri n'chakuti midzi yozungulira ipindule. Makomiti a m'midzi oyang'anira zachilengedwe ndi amene ayenera kulandira gawo la ndalama, kugulitsa nkhuni zouma ndi ndiwo, ndi kupereka achinyamata olondolera alendo. Munthu wa pamudzi akamaona alendo akusangalala m'nkhalango yomwe iye amamangidwa akatolamo nkhuni, mapeto ake ndi udani ndi moto wolusa.

Ndipo akuluakulu asathamangire kukongoletsa. Chizolowezi cha maofesi ambiri n'chakuti malo okopa alendo sanathe ngati palibe simenti, mpanda wa njerwa ndi bala. Ku Tate's Hell anaphunzira mochedwa, atalipira zambiri, kuti dambo likaumitsidwa kulibwezeretsa n'kovuta kuposa kulisiya.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Amene akufuna madzi pampope mu Okutobala, matemba pamsika ndi mpunga m'nkhokwe ayenera kuvomera kuti penapake pakhale dambo lamatope, la achule ndi udzudzu, lomwe palibe amene akuliumitsa. Makolo omwe angathe, chilimwe chikubwerachi abwereke tenti, atenge neti, ufa, poto ndi chigubu cha madzi, afunse ku ofesi ya zankhalango kapena ya zanyama ya m'boma lawo za malo ololedwa, n'kupita ndi ana kukagona usiku umodzi kufupi ndi komwe madzi awo amachokera. Pochoka azimitse moto ndi madzi, atole zinyalala zonse, kuti odzabwera pambuyo pawo adzapeze malowo ali momwe iwo anawapezera.